Tambala wa Ba Ursula m'jasi la kunjanji

Chiyambire Chitaganya, Ba Ursula, aneba anga kukomboni ya njanji kuno ku Kafue, sanatayepo nkhuku ndi chimfine. Tsono tambala amene anasungira chinkhoswe cha mwana wawo Lazaro anayamba kukhosomola, mamina chuchuchu, tsiku litayandikira.

Ndinamva ndekha kuseri kwa mpanda.

"Tingomudya, amake Lazaro," anatero amuna awo, Ba Wenceslaus.

"Ndiye akuchikazi tikawapatse nthenga? Bweretsani jasi lanu!"

Anawiritsa masamba a bulugamu, n'kumafunditsa tambala pamodzi ndi mphika wanthunziwo m'jasi lakuntchito. M'madzi akumwa anathiramo tsabola.

Pachinkhoswe tambala analira mpaka ankhoswe kusowa polankhulira. Koma fungo la jasi lija, mayo! Kusiteshoni anzawo amawaitanabe Ba Wenceslaus kuti Ba Chitosi.