Malume anga, nambala seveni

Chaka chachiwiri cha maphunziro anga a udokotala, wa mabuku osati wa jekeseni, ndinali nditakhuta malamulo a kafukufuku moti ndinkayenda ngati tambala. Lamulo limene aphunzitsi ankalibwereza kwambiri linali lakuti munthu amene wakuyankha mafunso umubise dzina, kuti zonena zake zisadzamuike m'mavuto. Ine ndinalimeza lonse osatafuna.

Kafukufuku wanga anali wa mmene alimi a mpunga ku Bwanje amagawirana madzi. Ndinatsikira kuchigwako ndi karekoda, mafomu ndi nsapato zothina, thukuta lili kamukamu. Alimi ankandiyankha mwaulemu koma osapita patali: "Madzi timagawana bwinobwino, bambo." Sabata yathunthu ndinatola mawu amenewo basi. Amene anandipulumutsa ndi malume anga, alongo awo a mayi, omwe ankalima kumeneko.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Nditatsegula karekoda anayamba monga ayambira Mngoni wa ku Ntcheu: dzina lawo, mfunda wawo, dzina la bambo awo. Kenako anakhuthula zonse: mmene akumtunda amatsekera ngalande ndi matope, mmene akumunsi amadandaulira, mmene iwo anayanjanitsira mabanja awiri amene anatsala pang'ono kutemana ndi makasu. Mutu wabwino kwambiri m'buku langa ndi wawo. Ine ndinangouveka Chingerezi.

Potsanzikana anandigwira mkono. "Dzinalo ukalembe bwino, mphwanga. Ana anga aamuna ndinaika m'manda onse awiri. Likatsale m'bukumo."

"Chabwino, amalume," ndinatero, lamulo lija ndikulidziwa bwino lomwe.

Patapita nthawi ndinadzamva kuti munthu akapempha yekha kuti atchulidwe, zimatheka, bola ufunse akuluakulu a kafukufuku. Sindinafunse. Ndinkaopa kuoneka wakumudzi pamaso pa mapulofesa, munthu wobwera ndi nkhani za amalume ake. Choncho ndinafufuta dzina, mfunda ndi bambo awo omwe, n'kulemba nambala. Mphunzitsi wondiyang'anira anandiyamikira kuti ndine wosamala, ine n'kusekerera mano onse pamtunda.

Nditamaliza ndinapita nalo bukulo ku Bwanje, lachikuto chakuda, lolemera ngati njerwa. Ndinapeza malume aitana anzawo a kumpingo ndi a kumunda, nkhuku yaphedwa, iwo avala jekete kutentha konse kuja. Chingerezi sankachidziwa, koma zilembo za dzina lawo ankazidziwa. Anakhala padera n'kuyamba kutsegula masamba, chala akunyowetsa ndi malovu, alendo akudikira pamkeka. Anafufuza nthawi yaitali ndithu, kenako anandikodola.

"Ndili pati?"

Ndinagwada n'kuwalozera. "Apa, amalume. Ndi apanso. Paliponse palembedwa kuti woyankha nambala seveni, ndinuyo."

Ndiye taonani dokotala akuyamba kuphunzitsa. Ndinawafotokozera za chinsinsi, za chitetezo, za ufulu wa woyankha, zonse monga ndinalembera pamayeso. Anandimvetsera mpaka ndinauma kukhosi.

"Ndinaba chiyani ine kuti undibise?" anafunsa motsitsa mawu.

Anatseka bukulo n'kuyang'ana pachikuto, pomwe dzina langa linali mbee m'zilembo zagolide. Anapitapo ndi chala pang'onopang'ono.

"Lakoli ndiye silinaope mavuto."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Ndinkayembekezera kuti andiyalutsa pamaso pa anthu, ndipo ndikanati n'zoyenera. Mkulu wina wa kumpingo, atatopa kudikira, anafuula ali pamkeka paja: "Nanga mwalipeza, achimwene?"

Malume anaimirira, anakonza jekete, n'kukweza bukulo m'mwamba ndi manja awiri kuti onse alione.

"Ndilimo," anatero. "Mwanayu wandionetsa. Ndilimo malo ambirimbiri."

Azimayi analuluta, azibambo anaomba m'manja, ena n'kubwera kudzandigwira chanza. Ine ndinali chigwadire pomwe paja.