Salome ndi mphaka amene anamuwolotsa Mudi

Salome, mwana wa achemwali anga, akamadutsa mumsika wa Limbe amphaka amatuluka m'ngalande, pansi pa mabenchi, ena amachita kudumpha kuchokera pamalata, mpaka ogulitsa nsomba amavundikira malonda awo ngati kwagwa mvula. Tsiku lina ndinawawerenga, ndinafika pa mazana asanu ndi awiri, kenako ndinatopa. Mwini wake amati analipo asanu ndi anayi basi. Musankhe nokha womukhulupirira.

Agogo ake a mtsikanayu, omwe ndi bambo anga, anachokera ku Milanje, ku Mozambiki, wapansi, atasenza mphasa ndi wailesi yosalira. Anagona miyezi itatu pakhonde la eni ku Bangwe asanapeze pawo. Ndiye ukamuseka Salome za amphaka akewo amangoyankha kuti, "Amalume, chilichonse chogona pakhonde la eni ndi m'bale wanga."

Ndikuti mtsikana, koma zaka zake ndi makumi anayi ndi zisanu. Amayankha mafoni pa ofesi ina ya inshuwalansi m'tauni, ndipo Lamulungu amaimba kwaya ndi mawu oti amagwetsa akangaude kudenga la tchalitchi. Loweruka lililonse amapita ku Sunnyside, kunyumba ina yakale kumene mayi Millicent ndi anzawo amasungira amphaka osowa kwawo. Amakafika atanyamula mitu ya nsomba yopempha kumsika, makatoni a kuofesi, ndi mabulangete a kaunjika obooka amene palibe akuwafuna. Akatero amatsuka makola, amasintha mchenga, ndipo akabwera dokotala wa ziweto kudzabaya jakisoni wa chiwewe kapena kudzatseketsa amphaka kuti asamabereke, wogwira mphaka amakhala iyeyo. Mikono yake ili ndi mizere yambiri kuposa njanji za ku Limbe.

Chaka chatha malo anadzaza kwa mayi Millicent. Kunabwera mphaka wamkazi wamawangamawanga, woyenda modzikweza ngati mkazi wa bwana, choncho anamutcha Dona. Atabereka tiana titatu, Salome anati awasunge kaye kwawo ku Mpingwe, mukatoni kuseri kwa chitseko, mpaka tiana titayamba kudya tokha.

Tsono nyumba imene amakhala Salome ndi ya lendi, ndipo eni ake, a Kingsford, amakhala pabwalo lomwelo. A Kingsford ndi mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo amagwira ntchito yosunga katundu pa fakitale ina cha ku Ginnery Corner. Anthu apafupi anali atayamba kale kunong'ona kuti mkazi wosakwatiwa, wobwera ndi amphaka achilendo pamalo a mkulu wa mpingo, zikutanthauza chiyani. Liwu loti ufiti palibe analitchula, koma aliyense ankalimva.

Kwathu kuno mphaka sitipha. Amati tsoka lake limakutsata mpaka kumanda, n'kukudikiranso kutsogoloko. Timangomuika m'thumba, n'kumuwolotsa mtsinje kuti aiwale njira yobwerera. Lachisanu m'mawa, Salome atapita kuntchito, Dona anatulukira pawindo kukaothera dzuwa, ndipo a Kingsford anamuika m'thumba.

Salome pobwera madzulo anapeza tiana tikulira, maso tisanatsegule n'komwe. Anayesa kutidonthezera mkaka wa ng'ombe ndi sirinji, koma tinkangolavula. Mayi Millicent pafoni anamuuza mosabisa kuti mkaka woyenera tiana totere unawathera, ndipo popanda amake sitingafike Lamulungu madzulo.

Loweruka m'mamawa Salome anandiimbira. Ndinamupeza ataima pakhomo la a Kingsford, manja kumbuyo mwaulemu, koma maso ake akanatha kuyatsa mbaula.

"Bambo, sindikukuimbani mlandu ayi," anatero. "Mungondiuza pamene munamasulira thumba."

"Mayi, ine za amphaka sindizidziwa," anayankha a Kingsford, akuyang'ana mtengo wa mapeyala.

Ine ndinati, "Achimwene, ubweya uli pajekete lanuwo ndi wa mngelo?"

Anadzisasa paphewa, kenako anati, "Kumunsi kwa Ginnery Corner. Tsidya la mlatho wa Mudi. Koma sindinamupweteke, Mulungu ndi mboni."

Salome anadzaza botolo ndi madzi ofunda, analiveka sokosi, n'kuliika mukatoni pakati pa tiana tiwiri tofooka. Anati botolo likazizira, nato tiyamba kuzizira. Kachitatu, kamene kanali ndi mphamvu zolira, anakakulunga m'chitenje n'kukafungatira pachifuwa. Ine anandipatsa dengu lovundikira.

"Kameneka ukukatengeranji?" ndinafunsa.

"Dona sangabwere nditamuitana ine, amalume. Munthu ndi amene anamuika m'thumba. Koma mwana wake akalira, abwera."

Minibasi inaima paliponse pamene panali munthu, ngakhale pamene panali chithunzithunzi cha munthu. Salome ankangoyang'ana wotchi. Titatsika tinayenda mpaka pamlatho, n'kutsetserekera kumadzi kudzera m'kanjira ka otsuka magalimoto. Fungo la Mudi mukulidziwa, limakupatsa moni ukadali kumtunda. Salome anagwada m'mphepete mwa madzi, anatsegula chitenje pang'ono kuti kamphepo kakakhudze, ndipo kanayamba kulira.

Chimene tonse awiri sitinaganize n'chakuti kamwana ka mphaka kamalira ngati khanda la munthu la tsiku limodzi. Ndipo apa panali mayi wogwada pamtsinje, chitenje chili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati wobisa kanthu.

"Akutaya mwana!" anakuwa mayi wina pamlatho. "Anthuni, thamangani! Akutaya mwana m'madzi!"

Blantyre yense anabwera. Oitanira minibasi, akabaza, otsuka magalimoto ndi ndowa zawo, azibambo a mataye, ndipo ndikukhulupirira kuti ena anachokera ku Lunzu pa mphindi ziwiri zomwezo. Wotsogolera anali wokuwa uja, mayi Esther, wogulitsa chimanga chootcha pamlathopo, chikuni chofuka utsi chili m'manja.

"Iwe mfiti yopanda chisoni, bweretsa mwanayo kuno!" anatero mayi Esther. "Anzako akulira usana ndi usiku kufuna mwana, iwe ukudyetsa achule?"

"Amayi, si mwana wa munthu," anayankha Salome. "Taonani."

Anatambasula chitenje. Kanali kamphaka kosatha kudzaza chikhato, kakuyasamula kukamwa kofiira. Anthu anasuzumira kuti aone, ndipo ine ndinayamba kupuma. Kenako mwamuna wina kumbuyo anakuwa kuti, "Wamusandutsa mphaka! Tamumva tokha mwana akulira!"

Mwala woyamba unagwera m'madzi pafupi ndi bondo la Salome. Wachiwiri unamenya dengu limene ndinanyamula. Ndinayesa kufotokoza kuti ndine malume wake, munthu wodziwika ku Bangwe konse, koma wina anati, "Ameneyo ndiye mphunzitsi wake!" Ndinatseka pakamwa. Kumbuyo kwathu kunali madzi, kutsogolo anthu, kanjira kotulukira kali pansi pa mapazi awo.

Salome sanathawe. Anaika kamphaka pamwala wosalala, anabwerera m'mbuyo mapazi atatu, n'kukweza mawu ake a kwaya aja.

"Amake a kameneka anatayidwa pano dzulo. Kunyumba kwatsala tiwiri, tikufa ndi njala. Ndipatseni mphindi zisanu, mukhale chete. Akapanda kubwera amake, mundichite chimene mukufuna."

"Zisanu zokha," anatero mayi Esther, osatsitsa chikuni.

Kamphaka kanalira. Palibe chinatuluka. Akhwangwala awiri anatera pachitsulo cha mlatho, akupendeka mitu kuyang'ana pamwala paja. Mmodzi anatsikira pansi n'kuyamba kunjanja chammbali, ngati alibe nazo ntchito. Salome ankamuona, koma akanasuntha, Dona sakanatuluka. Kulira kuja kunayamba kuchepa mphamvu. Munthu wina kumbuyo ankagundanitsa miyala iwiri m'manja, ndipo phokoso limenelo ndimalimvabe mpaka lero.

"Zakwana," anatero mwamuna uja.

"Ndili ndi wotchi ndine," anamudula mayi Esther, ngakhale padzanja lawo panalibe wotchi.

Pamenepo m'paipi yaikulu ya ngalande munatuluka mutu wamatope. Anali Dona. Udona wonse unali utatha, khutu limodzi lili magazi, mchira ukukhwekhwerezeka. Anayenda pang'ono, anaona khamu la anthu, n'kuima, mwendo umodzi uli m'mwamba. Anayang'ana mwana, anayang'ana paipi. Munthu mmodzi akanangotsokomola, akanabwerera, osatulukanso.

Mayi Esther anawerama n'kuyang'anitsitsa kumimba kwa mphakayo. Mabere anali otupa, mkaka ukuchita kudontha. Chikuni chinatsika pang'onopang'ono. Anatembenukira khamu lija, n'kunena motsitsa mawu koma mokalipa kuti, "Bwererani m'mbuyo nonse. Simukuona kuti ndi ntchembere iyi? Iwe wamiyala, taya zimenezo, amako anakuyamwitsa ndi mwala?"

Anthu anasendera m'mbuyo, akupondana. Khwangwala anauluka, Dona anathamanga chokwawa n'kunyamula mwana wake pakhosi. Asanatembenukire kupaipi, Salome anaponya chitenje pa onse awiri. Dona anamukanda mikono mpaka magazi, koma analowa m'dengu. Mayi Esther anamanga chivundikiro ndi mpango wawo wa kumutu, kenako analamula oitanira minibasi kuti atipezere mpando wakutsogolo. Yemwe anati wamusandutsa mphaka uja ndinamufunafuna kuti ndimufunse anaphunzira kuti zimenezo, koma anali atasungunuka.

Tinafika ku Mpingwe botolo litazizira. Kamwana kamodzi kanagwira bere nthawi yomweyo. Kachiwiri, kakang'ono kwambiri, kanali gone, kozizira ngati kiyi. Salome anagwada pambali pa katoni. Dona anakakokera pafupi n'kuyamba kukanyambita mwamphamvu, kukagubuduza uku ndi uku, mpaka ine ndinayang'ana kumbali. Patapita nthawi yoti munthu angadye chimanga chootcha chathunthu, kanatulutsa kamawu kochepa ngati ka chitseko chosadzozedwa, n'kukwawira kubere.

A Kingsford anali ataima pakhomo nthawi yonseyi. Sankayang'ana tiana. Ankayang'ana Dona, mphaka amene anamuwolotsa mtsinje ndi manja awo, wabwerera pa minibasi, pampando wakutsogolo. Zimenezi sanazimvepo kwa makolo awo.

Tiana titakula tinapita ku Sunnyside, kenako tinapeza mabanja, ndipo kamodzi kamagona pafupi ndi mbaula ya mayi Esther kwawo ku Ndirande. Dona anamutseketsa, koma anatsala ku Mpingwe, chifukwa a Kingsford anakana kwamtuwagalu kuti asunthidwenso. Lachisanu lililonse amabwera ndi kapepala ka usipa n'kukasiya pawindo la Salome. Akakumana ndi Dona pabwalo amavula chipewa n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, mayi?" Dona sayankha.