Mkaka Umene Unkatupitsa Mwana Wathu

Ng'ombe yathu yoyamba ndinakaigula kwa Msakambewa, nthawi imene ndinkaphunzitsa pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Mvera. Ndinayenda nayo wapansi tsiku lathunthu, chitunda kukwera, chitunda kutsika. Itabereka ndinanyada kwabasi kuti ana anga azimwa mkaka m'mawa uliwonse.

Anyamata athu awiri ankaumwa mpaka kunyambita kapu. Koma mlongo wawo, amene anali atangosiya kuyamwa, zinamuvuta. Zikope zinkatupa, masaya n'kutuluka zidzolo, ndipo kuseri kwa mawondo ankadzikanda mpaka magazi. Ine ndinkati mwanayu wafooka, n'kumamuwonjezera mkaka womwewo.

Anazindikira ndi mkazi wanga.

"Bambo ake, Lamulungu lija mkaka unasasa sitinamupatse. Lolemba anadzuka maso osatupa."

"Mkaka ungadwalitse munthu? Buku limene ndimaphunzitsa limati ndi chakudya chomanga thupi."

"Bukulo silimusambitsa mwanayu. Ndimamusambitsa ndine."

Loweruka tinapita kuchipatala, makhadi a chipani ali m'thumba monga mwa masiku amenewo. Adokotala, bambo wachikulire wolankhula mosathamanga, anamuyang'ana mwanayo m'khosi ndi m'mikono. Anafunsa mayi akewo mafunso ambiri, ine ndili pabenchi. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, m'magazi muli asilikali oteteza thupi ku matenda. Mu mkaka wa ng'ombe muli zomanga thupi zina zimene asilikali a mwanayu akuziyesa adani. Zikangolowa amathamangirako, ndiye kutupa mukuonaku ndi nkhondo yawoyo. Musiyitseni kaye. Ana ambiri akamakula, asilikaliwo amazizolowera."

Pobwerera mkazi wanga sanandikumbutse za buku lija. Anangopempha kuti tipatukire kumsika tigule mtedza. Anayamba kumuphikira phala la nsinjiro, ndipo mwezi usanathe khungu linasalala, mwana n'kumagona osadzikanda. Gawo lake la mkaka tinkapatsa banja loyandikana nalo limene linali ndi mapasa.

Mwana wathu uja ali sitandade thu, tsiku lina tinamupeza atagugudiza tiyi wamkaka wa mchimwene wake. Masana onse ine ndi mayi ake tinakhala pakhonde tikusola chimanga, maso ali pa iye, iye akungosewera phada ndi anzake. Sichinatupe chilichonse.

Mawa lake ndinamuthirira kapu yakeyake, yodzaza. Ananunkhiza, n'kuikankhira kwa ine.

"Ababa, imwani ndinu. Ukununkha khola."