Mawere a phanga la a Zuze

Ndikakumbukira a Zuze, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la zitosi za mileme losakanikirana ndi utsi wa muuni wa udzu. Tinkayandikana nyumba kuseri kwa Thambani. Anali munthu wamfupi wosakonda zolankhula, ndipo manachesi awo ankatsekemera kuposa a aliyense chifukwa ankathirako zitosi zochokera kuphanga lina m'phiri. Ndili ndi zaka ngati khumi anayamba kunditenga. Tinkalowa chokwawa, iwo patsogolo, ine ndikukoka thumba, mileme ikutikupiza kumaso, mpaka denga linkakwera ndipo muuni unkaonetsa miyala yoyera yolendewera, uliwonse ukudontha madzi pang'onopang'ono. Iwo ankaitcha mawere a phanga.

Tsiku lina ndinatambasula dzanja kuti ndithyoleko kamwala kamodzi. Anandigwira pamkono mpaka thumba linagwa.

"Iwe Lemani, kameneko n'kakakulu kwa agogo ako. Tola zapansi. Zakumwamba si zako."

Panapita zaka zambiri. Titangoyamba kuvotera zipani zambiri, ine ndili kale ndi ana anayi, woyamba Estere, pamsika panafika amuna awiri pagalimoto, akufuna miyala ya m'mapanga yokagulitsa kwa okongoletsa nyumba m'tauni. A Zuze atafunsidwa anawalozera phiri lina lopanda phanga. Ine ndi amene ndinawalondola kugalimoto. Ndinadinda chala papepala lawo, m'mawa mwake ndinawatsogolera.

Tinapeza a Zuze atakhala pakhomo pa phanga, ndodo ili pamiyendo. Sanakalipe. Anangopinda miyendo kuti tidutse, kenako ndinawamva akukwawa pambuyo pathu, akupuma movutikira.

Nyundo zinalira mpaka makutu anga anagontha. Mwala uliwonse ukagwa, kudenga kunkatsala bala loyera likudonthabe. Matumba atadzaza, mmodzi wa alendo aja anaunika tochi pakona pamene panali mpata wopapatiza cha pansi. Kuseri kwa mpata umenewo kuli chipinda chachiwiri, chachikulu, mawere ake ena ofika pansi. Tinkachidziwa awiri basi, a Zuze ndi ine.

"Mdala, uku kumapitirira?"

A Zuze anatembenukira kwa ine.

"Afunseni bambo a Estere awa, ndiwo odziwa njira. Inu bambo, auzeni alendo anu."

Chibadwire changa anali asananditchulepo kuti inu. Munthu uja anagwada, tochi ili m'manja, n'kuyamba kulowetsa mutu.

"Ndi una wa nungu umenewo," ndinatero. "Galu wanga analowamo, anatuluka minga ili thoo kumaso."

Anabweza mutu msangamsanga, mnzake akumuseka, ndipo anayamba kukokera matumba panja.

A Zuze anakhalabe ndi moyo zaka zingapo. Kuphanga anasiya kupita. Tikakumana panjira ankavula chipewa, amvekere, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Ndinkalakalaka atanditukwana. Mpaka tinawaika m'manda sananditchulenso kuti iwe.

Kwa nthawi yaitali ndinkauza anthu kuti alendo aja anandipusitsa ndi pepala poti sindinkatha kuwerenga. Ndinalowa sukulu ya kwacha imvi zitayamba kale, ndipo popeza tsopano ndimalemba ndekha, ndilembe zoona: nyundo zija ndinaziona m'galimoto ndisanadinde chala. Kuzindikira nyundo sikulira sukulu.

Ogula miyala akubwerabe. Mwezi watha mdzukulu wanga anandifunsa ngati phanga lija limapitirira, ati wina wamulonjeza foni. Ndi mwana wabwino. Inenso ndinali mwana wabwino. Ndinamuyankha kuti limathera pomwe pali mabala paja.

Miyendo yanga singakwerenso phiri, ndipo ndikadzamwalira chipinda chija chidzatsala chopanda wochidziwa. Ndasankha kuti zikhale choncho. N'chifukwa chake mayina a anthu ndasintha munkhani ino, ndipo dzina la phirilo sindilemba.