Wometa Amene Analetsedwa Kuyandikira Mkulu wa Madzi

M'chilimwe cha 1993, mipopi ya m'tauni itauma gwa, mkulu wa ofesi ya madzi anapita kukametetsa ndevu kwa a Lumo. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala awo. Kachipinda kawo kometera kanali khoma limodzi ndi ofesi ya madziyo, ndipo munali mpando umodzi, galasi long'aluka pakona ndi benchi ya odikira.

A Lumo anathira timadzi totsala m'botolo pa sopo, n'kunena kuti, "Bwana, Lachisanu likafika mpopi uli chete, ndevu zanuzi ndidzazimeta pouma." Ponena zimenezi, lumo linali pakhosi pa bwanayo.

Pa 9 Novembala a Lumo anaonekera kukhoti pa mlandu woopseza wogwira ntchito m'boma. Woweruza anafunsa ngati kumeta pouma kumapweteka.

"Kwambiri, bwana. Munthu wamkulu amalira," anayankha a Lumo, poti pa za ntchito yawo sankanama. Akazi awo anangogwira pakamwa.

Chilango chinali chakuti kwa zaka ziwiri asayandikire mkulu wa madzi mamita makumi awiri. Akalakwira lamuloli, ndende. Za khoma lija woweruza sankadziwa.

Kuyambira tsiku limenelo, galimoto ya bwana ikangotulukira, a Lumo ankasiya mutu wa munthu pomwe afika, liwiro kukakhala pakhonde la telala kutsidya kwa msewu. Mphunzitsi wina anakalowa m'kalasi mbali imodzi ya mutu ili mbee.

"Bambo a mwana, bwanji osangosamuka?" anatero akazi awo.

"Ndichoke ine? Ndinayamba kumeta pano ofesiyo ili tchire!"

Chodabwitsa n'chakuti ntchito inkayendabe bwino, chifukwa bwana sankakhalitsa mu ofesi. Anthu odzadandaula za madzi anazindikira msanga. Ankangoima pamsewu n'kuyang'ana chitseko cha a Lumo, chikakhala chotsegula n'kubwerera. "A Lumo akumeta, bwana kulibe." Mawuwa anafala mpaka anafika kulikulu la ofesiyo, ndipo pa 1 Febuluwale 1994 bwana anaitanidwa kukadzudzulidwa.

Atabwerako, anayamba kukhala mu ofesi kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, ndi Loweruka lomwe. Madzi sanabwerebe. A Lumo ankangoswera pakhonde paja, kuonerera chitseko chawo chotseka.

"Achimwene, mwamukonza munthu uja," anawaseka telala. "Boma likuthokozeni."

A Lumo anayesa kumetera pakhonde pomwepo, koma mphepo inaulutsira tsitsi pa diresi laukwati limene telala ankasoka, ndipo ubwenzi unathera pomwepo. Anatuma akazi awo kukapempha bwana kuti azitulukako pang'ono masana, monga ankachitira kale. Bwana anayankha kuti iye ndi munthu wolimbikira ntchito.

A Lumo anabweza kiyi kwa mwini nyumba n'kusamukira kwa alamu awo, tauni ina, pa 16 Epulo 1994.