Bowo la Vumbwe

Amalume anga a Silvestro sanali munthu wofatsa, ndisakunamizeni. Pa mowa ndewu inkayamba ndi iwo, pa maliro ankakangana ndi adzukulu za kakumbidwe ka manda. Koma ngakhale munthu amene wagona ndi chotupa cha chibakera chawo ankalawira kudzawapempha kuti akamumangire khola la nkhuku. Kuchokera kwathu mpaka midzi ya kufupi ndi Domwe, khola lawo unkalidziwira patali.

Ankayamba ayang'ana kumene imachokera mphepo yozizira, khomo n'kulilozetsa kwina. Mphanda zinali za muwanga, zofika pachifuwa, ndipo kunsi kwake ankawaula pamoto kuti chiswe chisadye. Pamwamba ankayala nsungwi motalikitsa pang'ono kuti zitosi zizigwera pansi, n'kuluka chipupa ngati cha nkhokwe, n'kufolera. Khomo lenileni linkakhala kumbuyo, lotsekedwa ndi kathabwa ndi chikhomo chobisika chimene ankangoonetsa mwini khola.

Chimene ankadzitama nacho chinali bowo. M'mbali mwa khola ankasiya bowo looneka ngati analakwitsa poluka, m'kati mwake atazunguliza nsungwi zosongola, nsonga zitaloza m'kati ngati mono wa nsomba. Vumbwe akalowetsa mutu ankalowa bwinobwino, nkhani inali pobwerera. Amalume ankabwera kudzamumaliza ndi chibonga, akuseka mpaka misozi.

Zaka zimenezo asipayi, apolisi achikuda a boma la Apwitikizi, ankayendera midzi kugwira amuna oti akagwire chibalo, ntchito yokakamiza. Amuna akamva ankathawira kumapiri, ena kuolokera ku Nyasalande. Asipayiwo sankabwerera chimanjamanja. Akaphonya munthu ankanyamula nkhuku, osapempha, osathokoza. Ndinkadana nawo, ndipo mpaka lero mtima wanga sunazizire.

Tsikulo anafika dzuwa lili paliwombo. Ine ndinali nditakwatiwa kale, ndinangobwera kudzathandiza amayi kupeta nyemba. Amayi anga a Estele anali mlongo wa amalume, amasiye, ndipo khola lawo linali lokongola kuposa onse m'mudzimo. Amalume atamva agalu akuuwa analowa m'munda wa chimanga kuseri kwa nyumba. Kupitirira mundawo kunali njira ya kumalire.

Wotsogolera asipayi anali Celestino, mwana wa kutsidya kwa mtsinje, amene amayi ake tinkatunga nawo madzi. Nkhuku zonse zinali zitabalalika, ndiye anaima pa khola.

"Mayi, tsegulani apa."

"Pepani bambo," anatero amayi atagwada, "muli thadzi lokha, likufungatira. Mazira atsala pang'ono kuswa."

Celestino anazungulira khola osachipeza chikhomo. Ataona bowo lija anapisa mkono mpaka paphewa. Thadzi linakuwa, iye n'kuligwira mwendo, n'kukoka. Nsungwi zinamulowa. Munthu wanzeru akanaima pomwepo, koma iye anakoka ndi mphamvu zake zonse, ndipo khungu linasendeka kuchokera pachigongono mpaka padzanja. Anakuwa ngati mbuzi yozingidwa. Anzake anaphwanya khola ndi zikwanje kuti amuwonjole, mazira n'kugwera pansi, magazi ndi tianapiye tosakhwima zili mbwee pa dothi.

Atamanga mkonowo ndi nsalu ya amayi, Celestino anatenga chikoti ndi dzanja lamanzere.

"Anamanga kholali ndani?"

Ankadziwa. Khola la amayi ake omubereka anamanga ndi amalume omwewo. Ankangofuna kuti amalumewo atuluke.

"Anamanga malemu amuna anga," anatero amayi.

Chikoti chinawang'amba tsaya. Chinabweranso pamsana, pamabere, pamsana. Ine ndinathamangira pomwepo, msipayi wina n'kundigwetsa, n'kundiponda pakhosi. Amayi sanatchule dzina. Ankangolira mokweza dala, akuti, "Pitani! Pitani!" ngati akuuza asipayi, koma ine ndinadziwa amene ankamuuza.

Chimanga chinagwedezeka. Amalume anatuluka akuyenda mosafulumira, manja ali kumbuyo.

"Iwe Celestino, mbumba iyi ndi yanga," anatero. "Ukafuna kumenya, menya mwini mbumba. Kholalo ndinamanga ndine. Ndinatchera mbava ya nkhuku, ndipo sindinaphonye."

Anawagwetsa ndi thako la mfuti, n'kuwamanga chingwe m'khosi.

Zimene zinachitika ku posto, ku ofesi ya boma, anatiuza ndi amuna amene anamangidwa nawo limodzi. Mzungu wa kumeneko analamula palamatoliya, thabwa lija la mabowo lomenyera m'zikhatho, ndipo anampatsa Celestino kuti amenye yekha. Zikhatho zitaphulika, amalume analavulira Celestino kumaso. Pamenepo iye anawatembenuza manja, n'kuwatsamiritsa pa mwala, n'kumenya ndi m'mphepete mwa thabwalo chala chimodzichimodzi mpaka zonse zinathyoka. Ku chibalo sanawatumize. Akanakagwira bwanji khasu?

Anabwera manja atatupa, akununkha. Amayi anawathowa ndi madzi a mchere mpaka zilonda zinauma, koma zala zinapola zitapindika ngati mapazi a nkhuku. Sankathanso kugwira mpeni, ngakhale kumanga lamba wa kabudula wawo. Munthu amene ankaopedwa pa mowa ankadikira mlongo wake kuti awamwetse. Ine kuwaona choncho kunkandiwawa kuposa chikoti chija.

"Achimwene, bwenzi mutangothawa," amayi ankatero akulira. "Ine akanandimenya n'kundisiya."

Dzinja litatha amalume anatituma kukadula nsungwi. Amayi ankang'amba, ine ndinkagwira mphanda, iwo akutikalipira kuti ndife opusa. Pofika pomanga, ankakoloweka luzi pa zala zopindikazo, n'kululuma, n'kukoka ndi mano mpaka nkhama kutuluka magazi. Khola linaima pamalo pomwe panali loyamba.

Titafika m'mbali, analoza ndi chigongono pamene tisiye poluka. Amayi anaponya mpeni pansi.

"Ayi, achimwene. Bowo limenelo ayi. Adzabweranso anthu aja."

Amalume anakweza manja aja, n'kuwaonetsa mlongo wawo.

"Manja anatenga kale, Estele. Tola mpeniwo, usongole nsungwi."