Chitini cha a Musaphethire

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti a Musaphethire, poti ndiwo mawu amene ankakuwa asanadine kamera yawo ya filimu.

Mdani wawo wamkulu linali dzuwa. Likalowa cham'mbali m'lenzi, chithunzi chinkatuluka mbuu ngati chagwa m'phulusa. Mankhwala ake ndi chipewa, kamphete kakuda kotchingira lenziyo. Koma chipewa n'chovuta: chikafupika dzuwa limalowabe, chikatalika chimadya m'mbali mwa chithunzi.

Cha m'sitolo iwo ayi, ankadula zitini. Ankabwereka tepi kwa telala woyandikana nawo, kuyeza kukamwa kwa lenzi, n'kumachulukitsa manambala kuseri kwa kalendala, lilime lili panja. Akazi awo anatopa n'kupeza zitini zoboola uku ndi uku m'kabati.

Chimene chinkawadya mumtima a Musaphethire ndi apongozi awo aamuna, kalipentala wopuma ntchito, amene zaka makumi awiri zonse sanalolepo kujambulidwa. "Munthu wandevu kumangotsinzina diso limodzi tsiku lonse, ntchito imeneyo?" ankatero mdalayo, mkamwini ali pomwepo.

Ndiye tsiku lina uthenga unabwera: mdala akufuna chithunzi cha banja lonse. A Musaphethire anawerengetsa masiku atatu. Chinatuluka chipewa cha chitini cha mkaka, chopaka penti wakuda, mamilimita makumi anayi ndendende. Anachiyesa, chinakhoza bwino.

Tsikulo abale anabwera ngati nyerere, mdala pampando pakati. Sanakwane m'kamera. Wojambula anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda mpanda. Thukuta lili kamukamu, anachotsa lenzi ija n'kuika ina yoona patambalala, n'kuiveka chipewa chomwe chija. Masamu onse aja anali a lenzi yoyambayo! Kawindo kosuzumira kanali pakokha pamwamba pa kamera, choncho sikanawaululire kanthu.

"Musaphethire!"

Potsuka filimu, zonse zinaululika. Chithunzi chilichonse chinali chozungulira ngati mbale. Pakati mdala ali phee, kumbuyo kwake mimba ziwiri zopanda mitu, kwinako mdima bii.

"Amayi, tiyeni mundiperekeze kwa bambo," a Musaphethire anawachonderera akazi awo.

"Chitini munadula nokha, pitani nokha."

Anawapeza apongozi pabenchi pakhonde. Anapereka chithunzicho ndi manja awiri, maso ali pansi. Mdala anavala magalasi, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu anu aja ali kuti?"

"Ali mumdimamo, bambo."

"Nanga mchemwali wanga wolongolola uja?"

"Nawonso ali momwemo."

"Ndi amuna ake omwe?"

"Mimba yakumanzereyo ndi yawo, bambo."

Mdala anayamba kugwedezeka mapewa, kenako anaphulika chiseko mpaka kutsokomola. "Ine ndakalamba ndikufunafuna njira yowachotsera anthu amenewa pakhomo pano. Inu mwathana nawo ndi chiyani?"

"Ndi chitini cha mkaka, bambo."

"Chitini!" Anapukuta misozi. "Munachidula nokha? Ndi lumo lanji? M'mphepetemo munakwecha?"

A Musaphethire anachitulutsa m'thumba, osadziwa ngati akunyozedwa kapena ayi. Mdala anayendetsa chala chake cha ukalipentala m'mphepete monse, osapeza pobaya. Kenako anasendera kumapeto kwa benchi n'kupukuta fumbi ndi dzanja.

"Khalani apa, mwananga. Tandionetsani mmene mumayezera."